Kupungula Nyama Zakutchire: Funso la Mlimi wa ku Mwenilondo

Mbewu zikayamba kucha m'minda ya ku Karonga, tulo timachepa m'makomo ambiri. Ku Mwenilondo, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa tawuni ya Karonga, mlimi amalima pakati pa nyanja ndi mapiri. Kum'mawa kuli madzi ndi mabango, kwawo kwa mvuu ndi ng'ona. Kumadzulo kuli zitunda zokwera kulowera ku Nyika, kumene anyani, apusi ndi nguluwe amatsikira m'minda ya chimanga ndi chinangwa. Mvuu imodzi imadya udzu wolemera makilogalamu pafupifupi 40 usiku umodzi, ndipo ikalowa mu mpunga, umene yapondaponda umachuluka kuposa umene yadya. Banja limene lakhala miyezi likuwerama m'matope, kuwokera ndi kupalira, likhoza kudzuka m'mawa n'kupeza ndime yonse itagona pansi.

Pa tsiku lotere funso limabwera lokha: ngati nyamazi zikutisautsa chonchi, bwanji boma osangotilola kuzisaka? Ena amene amaonera makanema pa foni amawonjezera kuti ku America ndi ku Ulaya boma lenilenilo ndi limene limaitana alenje kuti adzaphe nyama, ndipo amati kutero n'kusamala chilengedwe. Zimenezi si zabodza. Funsoli si lopusa, ndipo munthu amene nkhokwe yake yapepuka ayenera kuyankhidwa mwaulemu. Tiyeni tione mmene ntchitoyi imayendera kumene ikuchitika, zimene zinachitika titaiyesa kuno kwathu, ndi zimene banja lanu lingachite.

Kumene boma limaitana alenje

Nyama imene imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi ija Angerezi amaitcha deer. Kuno kwathu kulibe. Imafanana ndi mbawala kapena mphoyo, imabzikula ndipo ziboda zake n'zogawanika, koma nyanga za yaimuna zimachita nthambi ngati mtengo, zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso. M'nkhani ino tiziitcha mbawala ya kunja.

Cha m'ma 1900, mbawala za mchira woyera ku United States zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha anthu osaka pofuna kugulitsa nyama ndi zikopa. M'dziko lalikulu lonselo zinatsala zosaposa 500,000. Boma linaletsa malonda a nyama yakutchire, linaika nyengo zosakira, ndipo mu 1937 linakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson, loti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzigwira ntchito yosamalira nyama ndi malo ake. Mbawalazo zinaswananso, ndipo lero zilipo pafupifupi 30 miliyoni.

Vuto linadza chifukwa chakuti m'madera ambiri anthu anali atapha kale mimbulu ndi mikango ya m'mapiri yotchedwa puma, zimene zinkadya mbawalazo. Mbawala yaikazi yodya bwino kawirikawiri imaswa mapasa, choncho popanda chozidya zimachuluka msanga. Phunziro lodziwika bwino linachokera ku Kaibab, m'chigawo cha Arizona. Mu 1906 Pulezidenti Theodore Roosevelt anateteza deralo, kusaka mbawala kunaletsedwa, ndipo zilombo zozidya zinaphedwa dala. Pofika mu 1924 mbawala zinali zitachuluka mpaka kudya masamba ndi mphukira zonse zimene zikanafikira. Nyengo yozizira itafika zinafa ndi njala zambirimbiri. Chifundo chopanda kuwerengera chinapha nyama zimene chinkafuna kuteteza.

Lero mbawala zikachuluka ku America zimadya mbewu, zimadya timitengo tongophuka kumene moti nkhalango imalephera kudzibwezeretsa, ndipo ngozi za galimoto zogundana nazo zimaposa 1 miliyoni pachaka. Zimanyamulanso nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme. Ku Scotland nkhani ndi yomweyo: mimbulu inatha zaka mazana apitawo, ndipo mbawala zofiira zimalepheretsa mitengo kumera m'mapiri. M'malo otere mlenje akugwira ntchito imene mmbulu unkagwira.

Koma taonani mmene ntchitoyi imachitikira. Choyamba akatswiri amawerenga nyama ndi kuona ngati msipu ukuzikwanira. Akatero amaika chiwerengero cha zoti ziphedwe m'dera lililonse. Mlenje amagula chiphaso, amasaka m'nyengo yoikidwa yokha, ndipo nyama imene wapha amailembetsa. Akafuna kuti chiwerengero chitsike amalola kupha zazikazi, chifukwa yamphongo imodzi imakwanira zazikazi zambiri. Akafuna kuti chikwere, zazikazi sizikhudzidwa.

Woweta ng'ombe wa ku Karonga sangadabwe nazo zimenezi. Amadziwa kuti dambo limodzi lili ndi malire a ng'ombe zimene lingadyetse, ndipo kuti zikapitirira, mwezi wa Okutobala zonse zimaonekera nthiti. Akafuna ndalama amagulitsa mtheno n'kusunga thadzi. Mlimi nayenso amapatulira mbande pa phando kuti zotsalazo zikule ndi mphamvu. Kupungula nyama zakutchire ndi nzeru yomweyo, ndipo imagwira ntchito pokhapokha nyama zikakhala kuti zachulukadi kuposa chakudya chake, ndiponso pakakhala wowerenga ndi woletsa.

Tinayesapo ku Lengwe

Dziko lathu linapungulapo nyama motere. Paki ya Lengwe m'boma la Chikwawa, imene inakhala paki mu 1970, imadziwika ndi nyama yokongola yotchedwa boo, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti nyala. Ku Lengwe kumatentha ndipo madzi amauma m'chilimwe. Pofuna kuthandiza nyama, oyang'anira anakonza zitsime zomwera za chaka chonse. Zilombo zazikulu zodya nyama zinali zochepa, minda inali itazungulira paki moti nyama zinalibe kothawira, ndipo nyala zinaswana mpaka kufika masauzande m'kadera kakang'ono. Zinayamba kuwononga zitsamba zimene zimadalira, ndipo chilala chitabwera zambiri zinafa.

M'zaka za m'ma 1980 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inayamba kupungula nyala ku Lengwe, ndipo nyama yake inkagulitsidwa kwa anthu. Ntchitoyi inachitika ndi ogwira ntchito a boma, atawerenga, pa nthawi yoikidwa. Koma nkhaniyo sinathere pamenepo. M'zaka zotsatira, chilala ndi kupha nyama mozembera lamulo zinatsitsa chiwerengero cha nyala kwambiri, mpaka nkhawa inasintha: m'malo modandaula kuti zachuluka, anthu anayamba kudandaula kuti zikutha. Phunziro la ku Lengwe ndi lakuti m'dziko la anthu ambiri ndi malo ochepa ngati lathu, nyama zikhoza kuchoka pa kuchulukitsa n'kufika pa kusowa m'zaka zowerengeka.

Anzathu oyandikana nafe akulimbana ndi funso lomweli. Ku Kruger, ku South Africa, njovu zoposa 14,000 zinaphedwa pakati pa 1967 ndi 1994 asanasiye njirayi. Ku Zambia, dongosolo lopha mvuu 2,000 za mumtsinje wa Luangwa linalengezedwa mu 2016, anthu anatsutsa kwambiri, ndipo linathetsedwa mu 2019. Mu 2024, chilala chitavuta, Namibia inalengeza kuti ipha nyama 723, kuphatikizapo njovu 83, n'kugawira anthu nyamayo. Paliponse mkangano umakhala pa mafunso atatu: kodi nyamazo zawerengedwa bwino, ndani akupindula, nanga palibe njira ina?

Tchire la ku Karonga silili ngati la ku America

Kale chigwa cha Karonga chinali ndi njovu, njati ndi nyama zina zambiri. Pamudzi wa Mwanganda, pafupi ndi tawuni ya Karonga, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala m'zaka za m'ma 1960. Anthu ndi nyama akhalira limodzi kuno kuyambira kalekale.

Zinthu zinasintha ndi malonda a minyanga. Kampani ya African Lakes inatsegula sitolo ku Karonga mu 1884 ndipo inkagula minyanga ya njovu. Mlozi, amene anamanga linga lake ku Mpata, ankachita malonda a minyanga ndi akapolo mpaka pamene anagonjetsedwa mu Disembala 1895. Mu 1892 mliri wa rinderpest unafika kumpoto kwa nyanja n'kupululutsa ng'ombe za Angonde pamodzi ndi njati ndi ntchefu. Kenaka anadza malamulo a atsamunda, amene anapatsa mzungu wa chiphaso ufulu wosaka, pamene mwini mudzi wopita ku uzimba monga ankachitira makolo ake anasanduka wolakwa. Nyika inakhala paki yoyamba m'dziko muno mu 1965, ndipo itakulitsidwa mu 1978 mpaka kufika makilomita pafupifupi 3,200 m'bwalo lake lonse, mabanja ambiri anasamutsidwa pa malo a makolo awo. Bala limeneli silinapole mwa ena, ndipo amene amalankhula za kuteteza nyama asamaliiwale.

Pamwamba pa zonsezi anthu tachuluka. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, pamene wa mu 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa 365,000 mwa iwo anali m'boma la Karonga. Pamene panali tchire pali minda. Mabango a m'mbali mwa mitsinje, amene mvuu zinkadyamo, tinalimamo mpunga ndi dimba. Nkhalango zotetezedwa za Karonga North Escarpment ndi Karonga South Escarpment zikudulidwa chifukwa cha makala ndi nkhuni, ndipo nyani akasowa masuku ndi nkhuyu kuphiri amatsikira pa chimanga.

Apa ndiye pagona kusiyana. Ku America vuto ndi nyama zochuluka kuposa chakudya chake. Ku Mwenilondo mbawala, agwape ndi mphoyo zimaoneka mwa apo ndi apo. Funsani agogo akuuzeni nyama zimene ankakumana nazo popita kukatema nsichi, n'kuyerekeza ndi zimene mdzukulu wawo waonapo. Nyama zimene zikusautsa mlimi si zochuluka, koma zapanikizika pa malo ochepa pamodzi ndi ife. Mankhwala a matenda ena sachiza matenda ena. Kutsegula chitseko cha kusaka pamene nyama zachepa kale kuli ngati kupatulira phando limene lili ndi mbande imodzi.

Njira imene Malawi wasankha: kusamutsa

M'mapaki ena a dziko lino nyama zachulukadi, makamaka kumene kuli mpanda ndi alonda okwanira. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira Majete mu 2003, ndipo Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Njovu zitachuluka ku Liwonde ndi ku Majete, sanaziwombere koma anazigoneka ndi mankhwala, kuzikweza m'magalimoto akuluakulu n'kupita nazo kumene zinatha. Mu 2016 ndi 2017 njovu 520 zinasamutsidwa. Zambiri zinapita ku Nkhotakota, kumene zinali zitatsala zosakwana 100, ndipo 34 zinabwera ku Nyika. Mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Mikango nayo inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, kuti chilengedwe chizipungula chokha nswala ndi njiri.

Njirayi nayo ili ndi mtengo wake. Imadya ndalama zambiri, ndipo walira mvula walira matope: alimi a m'malire a paki ya Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, adandaula za minda yowonongeka ndi anthu ophedwa ndi njovu. Kusamutsa nyama popanda mpanda wolimba ndi kukambirana ndi midzi kumangosamutsa misozi.

Kwa ife a kumpoto, chofunika kudziwa n'chakuti mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyang'anira limodzi Nyika ndi Vwaza. Midzi yozungulira malo awiriwa ili ndi bungwe lake, Nyika-Vwaza Association, limene kudzera mwa ilo anthu amalandira gawo la ndalama zolowa m'paki ndiponso chilolezo chotenga zinthu zina monga udzu wofolerera ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Ntchefu, chilembwe, mbidzi ndi mphoyo za pa Nyika zimakopa alendo, ndipo phirilo ndi limene limasunga madzi a mitsinje ngati North Rukuru ndi Wovwe, imene imathirira minda ya ku Karonga. Opha nyama mozemba akayatsa tchire pa Nyika, moto umenewo pamapeto pake umafika mu mpunga wa m'chigwa kudzera m'madzi ochepa ndi osefukira.

Kupungula ndi kupha mozemba n'zosiyana

Munthu wobwera madzulo ndi thumba la nyama yowamba angakuuzeni kuti akuthandiza kuchepetsa zilombo. Musanyengedwe. Wopungula amawerenga, wopha mozemba sawerenga. Wopungula amasankha nyama, pamene msampha wa waya susankha: umagwira yabere, yoyamwitsa, mwana wa njovu, nyalugwe, ngakhale ng'ombe ndi galu wa mnansi wanu. Nyama yokodwa imavutika masiku angapo waya akulowa m'thupi, ndipo zambiri zimaolera pomwepo mwini msampha asanabwere. Imene yadula waya n'kuthawa ndi bala imakhala yolusa, ndipo amene amakumana nayo ndi mayi wopita kukatola nkhuni. Choipa china n'chakuti wopha mozemba amafuna gwape ndi mbawala, zimene zili ndi msika, osati nyani amene akukudyerani chimanga.

Lamulo nalo si lamasewera. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire la mu 1992 linakonzedwanso mu 2017, ndipo milandu ikuluikulu tsopano ikhoza kufikitsa munthu kundende zaka 30. Wolakwa si wosaka yekha: kusunga, kugula kapena kugulitsa nyama, chikopa kapena nyanga za nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Bambo wopita kundende chifukwa cha mwendo wa mbawala amasiya munda wopanda wolima ndi ana opanda fizi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nyama imene ikuopseza moyo wa anthu kapena kuwononga minda mobwerezabwereza ili ndi njira yake. Nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ili ndi alenje ophunzitsidwa ntchito yopirikitsa, kugwira kapena kuwombera nyama zotere. Kumeneku ndiye kupungula kovomerezeka kumene kumachitika m'midzi yathu: nyama imodzi yodziwika, pa chifukwa chodziwika. N'zoona kuti nthawi zina thandizo limachedwa ndipo mlimi sapeza womubwezera zimene wataya. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo liyenera kufika kwa mafumu, makhansala ndi aphungu mpaka liyankhidwe.

Zimene zimalowa m'mbale

Owerenga athu amadziwa kuti Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14 amasiyanitsa nyama zodyedwa ndi zosadyedwa. Nyama za mtundu wa mbawala zili m'gulu lololedwa, pamene nguluwe, njiri, mvuu, kalulu, mbewa ndi anyani sizili m'gulumo. Koma nyama yowamba yadulidwa zidutswa n'kuda ndi utsi: mungadziwe bwanji kuti ndi gwape osati nguluwe kapena nyani? Ndipo ngakhale itakhala mbawala yeniyeni, yokodwa mu waya imafa mopotoledwa magazi ali m'kati, chinthu chimene Machitidwe 15 amachenjeza. Deuteronomo 22 amalangiza wopeza chisa cha mbalame kuti asatenge make pamodzi ndi ana. Akatswiri a nyama amanenanso chimodzimodzi lero: pamene nyama zachepa, make asiyidwe.

Palinso nkhani ya matenda. Mu 2011 mvuu zoposa 80 zinafa mumtsinje wa Luangwa m'boma la Chama ku Zambia, kufupi ndi malire athu a kumpoto. Inali nthawi ya njala, ndipo anthu anaona ngati ndiwo zabwera zokha. Anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax ndipo 5 anamwalira. Chakumapeto kwa 2018 matenda omwewa anapha mvuu zambiri ku Liwonde, ndipo mu 2023 anabukanso m'mayiko angapo a kuno, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi.

Tizilombo ta anthrax timakhala m'nthaka zaka zambirimbiri, ndipo kuwamba kapena kuyanika nyama sikutipha. Munthu amatenga matendawa posenda, ponyamula kapena podya nyama yodwala. Pakhungu amayamba ngati katuza koyabwa kamene kamasanduka chilonda chakuda pakati, chotupa m'mbali koma chosapweteka kwenikweni. Akalowa m'mimba amabweretsa malungo, kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, ndipo akhoza kupha msanga. Chipatala chili ndi mankhwala ake ngati munthu wafika mwachangu. Nyama yofa ndi anthrax imatupa msanga ndipo nthawi zambiri imatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Zimenezi zimakhudza ng'ombe ndi mbuzi zathu zomwe, choncho m'boma la ziweto zambiri ngati Karonga aliyense ayenera kuzidziwa.

Nyama yakutchire ikhozanso kukhala ndi chifuwa chachikulu, njoka za m'minofu kapena chiwewe, ndipo palibe dokotala wa ziweto amene waiyeza. Yowomberedwa imatsala ndi tizidutswa ta mtovu tosaoneka ndi maso, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utachepa chotani. Ena amapha mbalame ndi nyama ndi poizoni monga tameki, n'kugulitsa ngati zakodwa bwinobwino. Ngakhale ku America, kumene zonse zimalembedwa, alenje amalangizidwa kuyezetsa mbawala zawo m'madera amene muli matenda owononga ubongo wa nyamazi, ndi kusadya zopezeka nawo.

Banja la ku Karonga silisowa zomanga thupi mpaka kuika moyo pachiswe chotere. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama, mtedza ndi soya zimalimidwa kapena kupezeka pa msika. Mpunga wa Kilombero ndi nyemba, kapena kondowole ndi chigwada chotendera, ndi chakudya chokhutitsa mwana. Pamene pali ng'ombe pali mkaka ndi chambiko, bola mkakawo uyambe wawiritsidwa. Mabanja ambiri a mumpingo wathu akhala zaka popanda nyama iliyonse ndipo ali ndi thanzi labwino.

Zimene mungachite pakhomo ndi pamudzi

Londerani minda mogwirizana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja a minda yoyandikana akamasinthana pa nsanja, aliyense amapeza tulo. Anyani amabwera masana ndipo amaopa anthu ambiri ndi agalu. Ntchito imeneyi isachotse ana kusukulu, ndipo mwana asatumidwe kukalondera mvuu usiku.

Siyani mpata pakati pa munda ndi madzi. Mvuu ili ndi njira zake zimene imadutsa usiku uliwonse, ndipo munda wolimidwa pa njira yake sulimba. Miyendo yake ndi yaifupi, choncho ngalande yakuya ya m'mbali zowongoka kapena mpanda wolimba wa mitengo umaibweza. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi, makamaka m'bandakucha pamene ikubwerera, kapena ikakhala ndi mwana.

Pewani ng'ona potunga madzi pa mjigo ngati ulipo. Ngati mukupita kumtsinje kapena kunyanja, pitani dzuwa litakwera, muli angapo, pamalo poyera popanda mabango, ndipo musatayire matumbo a nsomba pamene anthu amasamba ndi kuchapa.

Kwa abale a kufupi ndi Nyika ndi Vwaza kumene njovu zimafika, utsi wa tsabola wosakaniza ndi ndowe, ndi zingwe zopakidwa tsabola, zimathandiza. Ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya kuzungulira munda, njira imene inayesedwa ku Kenya ndi Lucy King, imathamangitsa njovu n'kupatsanso banja uchi.

Nyama ikawononga, dziwitsani a mfumu ndi ofesi ya nyama zakutchire tsiku lomwelo. Lembani tsiku, malo ndi kukula kwa zowonongeka, ndipo jambulani ndi foni ngati muli nayo. Mudzi umene uli ndi kaundula wa madandaulo ake umamveka msanga kuposa umene ukungolankhula pakamwa.

Mukapeza nyama yakufa yokha, kaya ndi mvuu kaya ndi ng'ombe yanu, musaitumbule, musaisende, ndipo agalu asaiyandikire. Itanani alangizi a ziweto kuti itenthedwe kapena ikwiriridwe mozama. Funsaninso za katemera wa ziweto zanu.

Pomaliza, musagule nyama yakutchire. Msampha umatchedwa chifukwa kuli wogula. Khomo lililonse limene labweza wogulitsa lachotsa waya mmodzi m'tchire.

Yankho kwa mlimi uja

Kodi kusaka kungasamale nyama zakutchire? Inde, kumene nyama zachuluka kuposa msipu, kumene zilombo zozidya zinatha, ndi kumene kuli owerenga, ziphaso ndi alonda okwanira. Ku Kaibab kusapungula kunapha mbawala. Ku Lengwe kupungula kunathandiza pa nthawi yake. Ku Mwenilondo nyama zatsala zochepa, malo achepa, ndipo chimene chikufunika ndi mpanda, ulonda, thandizo lofika msanga, ndi gawo looneka la phindu la mapaki lofika m'midzi imene imasenza mtolo wake.

Ngati Nyika ndi Vwaza zisamalidwa bwino m'zaka 20 za mgwirizano uja, tsiku likhoza kudza pamene nyama zidzachulukanso mpaka anthu n'kukhala pansi kukambirana zopungula kapena kusamutsa. Pa tsikulo midzi iyenera kudzakhala nawo pa bwalo, ndi kufunsa kuti nyamazo zawerengedwa ndi yani ndipo phindu lake lipita kwa yani. Kuti tsikulo lifike, ziyenera kutsalapo zoti zidzawerengedwe. Usiku uno mlimi wa ku Mwenilondo akhalanso pa nsanja ndi tochi ndi chitini chogogoda. Mnansi wake akabwera kudzamulandira pakati pa usiku, ndipo mawa mkazi wake akakana thumba la nyama yowamba, onse atatu adzakhala atagwira ntchito imodzi.